Makolo akalawirira ku ntchito ya boma, mwana amatsala ndi ndani?

M'Malawi muno palibe kampani yomwe yalemba anthu ntchito ochuluka kuposa boma. Aphunzitsi, anamwino, apolisi, alangizi a zaulimi, alangizi a zaumoyo, makalaliki ndi amesenjala, onsewa bwana wawo ndi mmodzi, ndipo ambiri mwa iwo ali pa msinkhu wobereka. Chaka ndi chaka mabungwe awo amakhala pansi ndi boma kukambirana za malipiro ndi ma alawansi, koma za amene amatsala ndi mwana makolo akapita ku ntchito sizimveka kawirikawiri. Mafunso ali m'munsimu ndi amene kholo logwira ntchito m'boma limakumana nawo, kuyambira tsiku lomwe tchuthi cha uchembere chatha mpaka mwana atayamba Sitandade 1.

Kodi vuto lili pati, popeza ana akhala akuleredwa kuyambira kalekale popanda boma kulowererapo?

Kumudzi mwana saleredwa ndi munthu mmodzi. Mayi akapita kudimba, agogo alipo, azakhali alipo, ndipo nyumba za abale zayandikana. Ntchito ya boma imamuchotsa munthu pakati pa abale amenewa. Mphunzitsi wa ku Nsanje amatumizidwa ku Chitipa, namwino wa ku Rumphi amapezeka ali ku Mangochi, wapolisi amasamutsidwa asanazolowere n'komwe dera lomwe ali. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, mabanja ambiri a ogwira ntchito m'boma anayamba moyo wa m'tauni kutali ndi kwawo, ndipo mpaka lero ambiri amakhala nyumba za lendi pakati pa anthu amene sanakule nawo.

Chinanso n'chakuti masiku ano nyumba zambiri zimadalira malipiro a anthu awiri. Nthawi yomwe bambo yekha ankagwira ntchito mayi n'kumatsala pakhomo inapita, ndipo amayi ambiri akulera ana okha. Ndiye funso si lakuti ana ankaleredwa bwanji kale ayi. Funso ndi lakuti kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu, ndani ali ndi mwanayo, ndipo akumulipira ndani.

Malamulo amati chiyani pa tchuthi cha mayi amene wachira?

Lamulo la zantchito la 2000 limapatsa mayi aliyense wolembedwa ntchito tchuthi chosachepera masabata asanu ndi atatu, akulandira malipiro ake onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. M'boma zinthu zili bwinoko, chifukwa malamulo a ogwira ntchito m'boma amapereka masiku 90, kapena kuti miyezi itatu. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, mu pangano lake la 2000 lokhudza uchembere, linati tchuthichi chisachepere masabata 14. Masiku 90 aja ndi pafupifupi masabata 13, choncho boma latsala pang'ono kufika pa muyeso umenewu, pamene ogwira ntchito m'makampani atsalira kutali.

Mu 2021 aphungu anakonzanso lamulo la zantchito n'kuwonjezeramo zinthu ziwiri zofunika. Choyamba, bambo naye ali ndi tchuthi chosachepera masabata awiri mwana akabadwa, kamodzi pa zaka zitatu, akulandira malipiro. Chachiwiri, mayi woyamwitsa ayenera kupatsidwa mpata wosachepera theka la ola, kawiri pa tsiku, woti ayamwitse mwana m'kati mwa nthawi ya ntchito, kwa miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pomwe mwanayo wabadwa.

Ngati mpata woyamwitsa ulipo, chovuta n'chiyani mayi akabwerera ku ntchito?

Chovuta ndi mtunda. A zaumoyo amalangiza kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi isanu ndi umodzi, osamupatsa mwana madzi ngakhale phala. Tchuthi chimatha mwana ali ndi miyezi itatu, mwinanso asanaikwanitse ngati mayi anayamba tchuthicho asanachire. Pamatsala miyezi ina itatu yoti mayi aziyamwitsa ali pa ntchito.

Taganizani za mayi wogwira ntchito ku Capital Hill koma akukhala ku Area 25, ku Chinsapo kapena ku Area 36. Theka la ola silingamufikitse kunyumba n'kubwerera, ngakhale atakwera njinga yamoto ya kabaza, ndipo ndalama yokwerera maulendo anayi pa tsiku sangaipeze. Wa ku Blantyre wokhala ku Bangwe kapena ku Machinjiri naye chimodzimodzi. Mpata umene lamulo lapereka ungagwire ntchito pokhapokha mwana ali pafupi ndi ofesi, kapena ngati pali chipinda chaukhondo choti mayi afinyiremo mkaka ndi firiji yosungiramo. M'maofesi ambiri a boma mulibe zimenezi. Mapeto ake mayi amayamba kugula mkaka wa m'chitini, womwe ndi wodula kwambiri, kapena amayamba kumupatsa mwana phala nthawi isanakwane. Boma lomwelo limene kudzera ku Unduna wa Zaumoyo likuphunzitsa amayi kusikelo za kuyamwitsa mwakathithi, ndilo likulephera kukonzera malo namwino amene akuphunzitsayo.

Nanga sukulu za mkombaphala sizingathandize?

Zimathandiza ana ambiri, koma sizinakonzedwere kholo la pa ntchito ya maola asanu ndi atatu. Sukulu zimenezi, zomwe ena amazitcha za mmera mpoyamba, zimayendetsedwa ndi anthu a m'mudzi kudzera m'makomiti awo, moyang'aniridwa ndi unduna woona za ana ndi chisamaliro cha anthu. Zinafala kwambiri m'zaka za m'ma 1990 pamene matenda a Edzi anasiya ana amasiye ochuluka, ndipo mu 2003 boma linakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba yoona za kakulidwe ka ana aang'ono. Mu 2018 banki yaikulu padziko lonse ya World Bank inavomereza ndalama zokwana madola 60 miliyoni zothandizira ntchito yosamalira ana m'zaka zawo zoyambirira m'maboma ena a dziko lino.

Komabe pali zinthu zitatu zomwe zimalepheretsa wogwira ntchito m'boma kudalira sukuluzi. Zambiri zimalandira ana a zaka zitatu mpaka zisanu, osati makanda. Ana amaweruka dzuwa lisanafike pamutu, akangomwa phala. Ndipo alezi ambiri ndi ongodzipereka, osalandira malipiro, kotero nyengo ya dzinja ikafika ena amayamba apita kumunda kaye, pomwe chimanga cha phala chikatha sukulu zina zimatseka. Palibe angawadzudzule, nawonso ali ndi mabanja oti adye. Koma mphunzitsi amene ali ndi kalasi mpaka masana, kapena kalaliki woweruka madzulo, amafunikabe munthu wina woti akamutenge mwana ndi kukhala naye.

M'tauni muli sukulu za mkaka zambirimbiri. Bwanji osangopititsa ana kumeneko?

Ambiri amatero, koma pali mtengo ndiponso pali nthawi. Fizi imalipiridwa pa teremu, kumayambiriro, pamene malipiro amabwera pa mwezi, ndipo nthawi zina amachedwa. Pamwamba pa fizi pali yunifolomu, chakudya chonyamula, matewera, ndi munthu wa kabaza kapena galimoto yokatula ndi kukatenga mwana. Sukulu zolandira ana osakwana zaka ziwiri n'zochepa ndiponso zodula, chifukwa khanda limafuna manja ambiri. Mlezi mmodzi akhoza kuyang'anira ana angapo a zaka zinayi akuimba ndi kusewera, koma sangathe kusamala makanda ochuluka chomwecho nthawi imodzi. Ichi n'chifukwa chake chisamaliro cha makanda chimakhala chodula kulikonse padziko, ndipo pamene chatchipa kwambiri kholo liyenera kufunsa kuti achepetsa chiyani.

Kugwa mphamvu kwa kwacha kunakolezera vutoli. Mu Meyi 2022 ndalamayi inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Eni sukulu anakweza fizi chifukwa lendi, chakudya ndi malipiro a aphunzitsi awo zinakwera, ndipo malipiro a m'boma sakwera pa liwiro lomwelo. Wa giredi yotsika akachotsa lendi, thumba la chimanga, makala, magetsi, madzi ndi ya minibasi, yotsala siifika pa fizi ya sukulu yodalirika. Apa ndi pomwe ena amalowa ngongole za kubanki zodulidwa pa malipiro, ena amathamangira ku banki m'khonde, ena kwa a katapila.

Za nthawi nazo n'zosautsa. Sukulu za mkaka zimatsata kalendala ya sukulu, yokhala ndi materemu atatu ndi tchuthi pakati pake. Maofesi, zipatala ndi mapolisi satseka pa tchuthi cha ana, ndipo masiku a tchuthi cha pachaka cha wogwira ntchito sangakwanire kutseka mipata yonseyi.

Ndiye mabanja ambiri amachita bwanji?

Njira yodziwika kwambiri ndi kulemba wantchito wa pakhomo, kapena kuitanitsa mtsikana kumudzi. Ena amaitana mayi awo kapena apongozi kuti adzakhale nawo miyezi ingapo, koma agogowo ali ndi munda wawo ndipo mvula ikayandikira amafuna kubwerera. Ena amasiya mwana kwa anzawo oyandikana nawo nyumba. Kumidzi si zachilendo kuona mphunzitsi atabwera ndi khanda ndi mlezi wake, n'kuwasiya pansi pa mtengo pafupi ndi kalasi kuti aziyamwitsa pa nthawi yopuma.

Pa nkhani ya mtsikana wa kumudzi m'pofunika kulankhula mosapsatira. Kawirikawiri amakhala mwana nayenso, wa zaka 13 kapena 15, amene amalonjezedwa kuti adzapitiriza sukulu m'tauni koma osapitako, chifukwa nthawi ya sukulu ndi yomweyo imene akufunika pakhomo. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo amateteza ana ku ntchito iliyonse yosokoneza maphunziro awo. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pamene banja la ogwira ntchito m'boma likulera mwana wake pogwiritsa ntchito mwana wa mnzake wosiya sukulu, mtengo wa chisamaliro sunachoke ayi, wangosamukira kwa munthu amene alibe mawu.

Wantchito wamkulu naye ali ndi ufulu wake. Unduna wa Zantchito umalengeza malipiro otsikitsitsa a antchito a m'nyumba, ndipo owalemba ayenera kuwatsata, kuphatikizapo kuwapatsa tsiku lopuma. Koma apa pali mfundo yovuta kumasula: mesenjala kapena mlangizi wa zaumoyo amene malipiro ake ali pafupi ndi pansi sangathe kulipira munthu wina malipiro oyenera kuchokera m'thumba lomwelo. Awiri onsewo amakhala akugawana umphawi umodzi.

Kodi onse ogwira ntchito m'boma amavutika mofanana?

Ayi. Akuluakulu a magiredi apamwamba, okhala ndi galimoto ndi ma alawansi, amatha kulipira sukulu yabwino komanso antchito awiri. Ovutika kwambiri ndi a mitundu itatu. Oyamba ndi ogwira ntchito yosinthana usiku ndi usana: anamwino, azamba, apolisi, oyang'anira ndende, ogwira ntchito m'zipata zolowera m'dziko ngati ku Mwanza, Dedza ndi Songwe. Sukulu za mkaka nthawi zambiri sizitsegula usiku, pa Sabata kapena pa Khirisimasi, koma wodi ya amayi oyembekezera siitseka. Achiwiri ndi otumizidwa kumadera akutali kumene kulibe sukulu ya mkaka ngakhale imodzi, ndipo alibeko wachibale. Achitatu ndi amayi olera ana okha, komanso makolo a ana aulumali, amene alezi ambiri amakana kapena sadziwa kuwasamala.

Vutoli limagweranso amayi kuposa abambo. Mwana akadwala kapena wantchito akachoka mosatsanzika, amene amapempha chilolezo kwa bwana nthawi zambiri ndi mayi. Akaitanidwa ku maphunziro a sabata imodzi ku Mponela kapena ku Salima, amayamba waganiza za mwana, mwinanso kukana. Pomadzafika nthawi yokweza anthu pa udindo, amaoneka ngati wojombajomba. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limafuna kuti polemba anthu ntchito m'boma amuna kapena akazi asachepere 40 peresenti komanso asapitirire 60 peresenti. Kulemba amayi ntchito n'kosavuta kusiyana ndi kuwasunga mpaka afike pamwamba, ndipo zaka zolera ana aang'ono ndi zomwe ambiri amatsalirapo.

Si kukondera kodi kuthandiza anthu olandira kale malipiro, pamene mlimi ndi mayi wogulitsa tomato alibe kalikonse?

Funso limeneli ndi loyenera, ndipo yankho lake lili pawiri. Boma lili ndi udindo kwa ana onse a dziko lino, ndipo udindo umenewu umakwaniritsidwa polimbitsa sukulu za mkombaphala, kuphunzitsa alezi ndi kuwalipira. Mbali imeneyi ndiyo yaikulu ndipo siyenera kulandidwa ndalama. Koma boma lilinso ndi udindo wina ngati bwana wolemba anthu ntchito, monga momwe kampani ya tiyi ku Thyolo kapena ya shuga ku Nchalo ilili ndi udindo kwa antchito ake.

Komanso namwino akajomba chifukwa chosowa womusiyira mwana, amene amadikira pa mzere kuchipatala ndi mlimi yemwe uja. Mphunzitsi akachedwa, kalasi ya ana oposa 100 imakhala ikungosokosera, ndipo anawo ndi a mayi wa tomato uja. Boma limawononga ndalama zambiri kuphunzitsa namwino kapena mphunzitsi mmodzi. Kumutaya, kapena kumugwiritsa ntchito maganizo ake ali kunyumba, n'kutaya ndalama za msonkho.

Maiko ena amachita bwanji?

Ku United States, lamulo la 1985 linalola kuti m'nyumba za maofesi a boma mukhale malo osamalirako ana popanda kulipira lendi, malinga ngati theka la anawo kapena kuposerapo ndi a ogwira ntchito m'boma. Mu 2001 anakhazikitsa lamulo lolola nthambi za boma kulipirako gawo la fizi ya ana a antchito olandira malipiro ochepa. Koma nthambi iliyonse imasankha yokha ngati ichite zimenezi kapena ayi, choncho anthu awiri olandira mofanana amatha kuthandizidwa mosiyana malinga ndi komwe akugwira. Asilikali a dzikolo ali ndi dongosolo lolimba kwambiri kuchokera pa lamulo la 1989, ndipo makolo amalipira molingana ndi ndalama zomwe banja limapeza. Kuyambira mu Okutobala 2020 ogwira ntchito m'boma kumeneko, amayi ndi abambo omwe, amapuma masabata 12 akulandira malipiro mwana akabadwa.

Ku India, lamulo la 2017 linakweza tchuthi cha uchembere kufika masabata 26, ndipo linalamula malo a ntchito okhala ndi antchito 50 kapena kuposerapo kukhala ndi malo osungirako ana. Amayi ogwira ntchito m'boma lalikulu la dzikolo alinso ndi masiku 730 pa nthawi yonse ya ntchito yawo, oti atenge pang'onopang'ono posamala ana. Kufupi kuno, Kenya inaika m'lamulo lake la zaumoyo la 2017 kuti olemba ntchito akonze zipinda zoyamwitsira. Ngakhale zinali choncho, mu 2019 phungu wina wamkazi, Zuleikha Hassan, anatulutsidwa m'nyumba ya malamulo ya dzikolo atalowa ndi khanda lake, zomwe zinaonetsa kuti kulemba lamulo ndi kumanga chipinda ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Pa chuma chathuchi, chotheka n'chiyani?

Sikuti pafunika kuyamba ndi nyumba zosanja. Chodula kwambiri kwa woyendetsa malo a ana ndi lendi ndi malipiro a alezi. Boma lili ndi malo ndi zipinda m'zipatala zazikulu, m'malikulu a maboma, m'malaini a apolisi ndi ku Capital Hill. Litapereka chipinda, madzi ndi magetsi mwaulere kwa bungwe kapena gulu lovomerezeka, fizi ikhoza kutsika popanda kuchepetsa alezi. Makolo angamalipire molingana ndi giredi, wapamwamba zambiri, wapansi zochepa, ndipo ndalamayo ingamadulidwe pa malipiro mwezi ndi mwezi monga momwe zimakhalira ndi ngongole kapena zopereka za ku SACCO. Koyambira koyenera ndi kuzipatala, chifukwa ndiko kuli amayi ambiri ogwira ntchito usiku, ndipo a zaumoyo ali pomwepo.

Zina sizifuna ndalama zambiri: chipinda chimodzi chokhoma, mpando ndi firiji m'nyumba iliyonse ya maofesi, kulola mayi woyamwitsa kuphatikiza mipata iwiri ija kuti aweruke ola limodzi msanga, kupewa kusamutsa kholo la khanda popanda chifukwa chachikulu, ndi kuganizira mabanja amene mwamuna ndi mkazi onse ali m'boma kuti asatumizidwe kumaboma osiyana. Mabungwe monga Civil Servants Trade Union, Teachers Union of Malawi ndi la anamwino ndi azamba ali ndi mpata wobweretsa mfundo zimenezi pa zokambirana zawo ndi boma. Malipiro akakwera, kukwera mitengo kwa zinthu kumawadya m'miyezi yochepa, pamene chipinda cha ana chikatsegulidwa chimatumikira antchito kwa zaka zambiri.

Pakadali pano, kholo lichite chiyani?

Yambani mwadziwa zomwe lamulo lakupatsani kale, ndipo muzipemphe polemba kalata kudzera ku ofesi yoona za ogwira ntchito, osati pakamwa pokha. Abambo, tengani masabata awiri anu. Ambiri sawatenga poopa kusekedwa, ndipo ufulu wosagwiritsidwa ntchito umaiwalika. Posankha sukulu ya mkaka, fikaniko mosawadziwitsa, muwerenge ana ndi alezi, muone chimbudzi, madzi akumwa, mpanda ndi pogona ana, ndipo mufunse ngati ndi yolembetsedwa ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya m'boma lanu. Polemba wantchito, lembani munthu wamkulu, mudziwe kwawo, mugwirizane malipiro ndi tsiku lopuma, ndipo mumuonetse chochita mwana akatentha thupi kapena akatsamwa.

Ngati pa ofesi kapena pa sukulu panu pali makolo angapo a ana aang'ono, khalani pansi muwerengane. Mabanja asanu osonkherana angathe kulipira alezi awiri ophunzitsidwa malipiro abwino kuposa momwe aliyense angachitire payekha, ndipo kalata yopempha chipinda yosainidwa ndi anthu 20 imavuta kuibisa m'kabati kusiyana ndi dandaulo la mayi mmodzi.